Ana apite ndi mafoni ku phiri kapena asiye? Yankho langa kwa madamu a wildlife club

Imelo yomwe ndikuyankha lero yachokera kwa madamu ena ophunzitsa pa CDSS, amenenso ndi patironi wa wildlife club pasukulu yawo. Ndayidula chifukwa inali yaitali, koma mfundo yake ndi iyi: "Temu ikubwerayi tikupita ndi ana a Fomu 3 ku phiri la Zomba. Ine cholinga changa ndi choti anawa akapeze mpata woganiza za moyo wawo, osati kungokajambulana basi. Ahedi akuti pasapezeke foni olo imodzi, ana akuti ngati mafoni akutsala ndiye iwonso atsala. Ndipange bwanji?"

Madamu, zikomo polemba. Yankho lachidule ndi loti mafoniwo apite, koma akakhale ndi ntchito yake komanso nthawi yake, ndipo pakakhale ola limodzi lomwe palibe amene agwire foni, ngakhale inuyo. Koma ndifotokoze bwino chifukwa mukangowauza ahedi chonchi akubwezani.

Choyamba tisanamizane za ana athuwa. Zambiri zomwe mungawerenge pa intaneti za maphunziro a panja zinalembedwa ndi anthu akunja, omwe vuto lawo ndi loti mwana amakula osapondapo dothi. Mwana wa pa CDSS si ameneyo ayi. Ameneyu tchire amalidziwa kuposa ine ndi inu, watolamo nkhuni, wadyetsamo mbuzi, wakumbamo mbewa, ena mwina makolo awo fizi amaipeza powotcha makala m'phiri lomwelo. Ndiye mukamuuza kuti tiyeni tikakumane ndi chilengedwe, mumtima amangoseka. Kwa iye tchire ndi malo a ntchito. Chimene sanapangepo ndi kukhala m'tchiremo opanda chomwe wamutuma munthu, osathamangira kuti dzuwa lilowa nkhuni zisanakwane. Chachilendo paulendo wanuwo chikhala chimenecho, osati mitengo.

Ndipo kukhala wekha chete kwathu kuno si chinthu chomwe timachilola kwenikweni. Mwana akangokhala payekha mphindi zochepa timayamba kumufunsa kuti wadwala, wakwiya, kapena akutiganizira zotani. Kunyumba chipinda amagona anayi, m'kalasi ndi odzaza, ku hositelo ndiye musanene. Foni yangobwera kudzatseka kampata kochepa komwe kanatsala. Ndiye olo mafoni onse mutawatsekera mu ofesi ya ahedi, ana aja akafika pa dzenje lotchuka la m'phirimo lotchedwa Chingwe's Hole azikangocheza ndi kukuwa, abwerera osaganizapo kanthu, inu n'kumadabwa kuti nanga si mafoni tinasiya.

Zoti wophunzira azikhala yekha panja si zatsopano. Sukulu za maphunziro a panja zotchedwa Outward Bound, zomwe Kurt Hahn ndi Lawrence Holt anayambitsa ku Aberdyfi ku Wales mu 1941, zili ndi gawo lomwe amalitcha solo, pomwe aliyense amamusiya pamalo akeake kwa maola angapo, pena mpaka masiku, ali ndi madzi, kachakudya kochepa ndi kope. Inu za masikuzo ziiwaleni, makolo angakumangitseni. Ola limodzi ndi lokwana, ndipo kwa ana omwe sanapangepo, ngakhale mphindi 40 ndi zambiri.

Mmene ndingakonzere ine ndi chonchi. M'mawa pokwera, mafoni akhale panja ndithu ndipo agwire ntchito. Agaweni anawo m'magulu a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, gulu lililonse foni imodzi yokha. Izi zikuthandizani pa nkhani ina yomwe simunaitchule mu imelo koma ndikudziwa kuti ilipo, yoti m'kalasi mwanumo ena ali ndi Tecno ya kamera yabwino, ena kaitel ka mabatani, ambiri alibiretu, ndipo ulendo wa sukulu ukasanduka chionetsero cha mafoni amene amabwerako atasweka mtima ndi mwana wosauka uja. Foni ikakhala ya gulu, mwini wake amasiya kukhala bwana.

Ntchito yake ikhale yeniyeni. Gulu lina lijambule mitengo yachilengedwe yomwe yatsala m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi ndi kuyerekeza ndi m'munda wa paini, ayang'ane pansi kuti kukumera chiyani uku ndi uku, muona okha akuzindikira kuti pansi pa paini pamakhala masamba ouma onga singano okhaokha. Gulu lina liwerenge zitsa ndi malo omwe apsa ndi moto. Lina lijambule mawu a mbalame ndi voice recorder ya mufoni momwemo. Pali ma app ngati iNaturalist, pomwe mumajambula chomera kapena kachilombo n'kudzatumiza mukapeza netiweki, anthu odziwa n'kukuthandizani dzina lake, ndi Merlin ya mbalame yomwe muyenera kudawunilodiratu muli kunyumba. Koma app isakhale yoyamba kuyankha. Afunseni kaye anawo dzina la mtengo m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chilomwe, ndi ntchito yake kwawo, mudabwa kuti mnyamata amene amakhala duu m'kalasi ya Bayoloje ndi amene akudziwa kuti khungwa ili agogo ake amachizira m'mimba. Tsiku limenelo foni imatsimikizira zomwe mwana wanena kale, ndipo mwanayo amabwerako akudziona mwamtundu wina.

Ngati sukulu kapena mnzanu ali ndi laputopu, musanapite aonetseni Google Earth, ili ndi zithunzi zakale zomwe mumatha kubwerera m'mbuyo zaka n'kuona mmene phiri limaonekera. Aonetseni Zomba, aonetseninso Soche ndi Ndirande ku Blantyre. Ana a Fomu 3 panopa namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 akumukumbuka bwino, matope ndi miyala zomwe zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, simukufunika kuwalalikira. Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi anthu omwe amati tekinoloje ndi mdani wa chilengedwe, chifukwa maso okha sangamuonetse mwana wa zaka 16 mmene phiri linalili iye asanabadwe.

Masana mukadya, ndiye nthawi ija yakwana. Mafoni onse pa flight mode, m'chikwama chimodzi, chikwamacho chikhale poonekera kuti pasakhale wodandaula kuti madamu akuwerenga mameseji anga. Yanunso ilowe momwemo ana akuona. Itsale imodzi yokha kwa mphunzitsi mnzanu, yokhala ndi mayunitsi ndi chaji, ya ngozi basi. Mukangopanga zoti ana akhale chete inu muli pamwala mukuseka za pa gulupu ya staff, mwaononga zonse, ana amaona.

Aliyense apeze malo ake, motalikirana moti sangalankhulane koma inu mukuwaona onse. Osati m'mphepete mwa phompho, osati mu udzu wautali, ndipo ku Zomba chifunga chimatha kungotsika mwadzidzidzi ndiye mukhale ndi wezulo, mugwirizane kuti ikalira aliyense abwere. Tenganinso gaidi wa komweko, amadziwa malo oterera ndi komwe anyani amavutitsa. Malo ngati Emperor's View, omwe dzina lake linabwera chifukwa cha Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, atafikako mu 1965, ndi abwino poti kukakhala kowala mumaona tawuni yonse pansi, nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje patali, koma Loweruka pamatha kudzaza anthu ndi magalimoto, ndiye mwina sunthirani pambali pang'ono.

M'manja mukhale kope ndi bolopeni, ndi funso limodzi, osati mafunso khumi ngati mayeso a Life Skills. Ndipo funsolo lisakhale lija lakuti "mwaphunzirapo chiyani", chifukwa ana athu ndi akatswiri poyankha zomwe aphunzitsi akufuna kumva, onse alemba kuti tisamadule mitengo mwachisawawa, mwina ndi kavesi pamwamba. Yambani ndi chinthu chogwirika, monga lemba zinthu zisanu zomwe ukumva ndi makutu pompano. Akatero mutu umakhazikika. Kenako funso lenileni, mwina lakuti ndi chiyani chomwe chakhala chikukusowetsa tulo temu ino chomwe sunauzepo munthu, kapena lemba kalata kwa iwe mwini yoti udzaiwerenge tsiku lomwe zotsatira za MSCE zidzatuluke. Alembe m'chilankhulo chomwe akufuna, sipelo musaiyang'ane.

Mphindi khumi zoyambirira zikhala zovuta, ndikuuzirenitu. Kuseka, kutsokomola kwabodza, kuponyerana timiyala, wina kufuna kukataya madzi, wina dzanja kumangopita m'thumba lopanda foni. Musakalipe, ingokhalani chete inunso ndi kope lanu. Zimatha zokha. Mudzaona mtsikana amene amalongolola kwambiri m'kalasi atagwira tsaya akuyang'ana ku Chilwa bolopeni ili mkamwa, wina akulemba mothamanga mpaka kutembenuza peji, winanso atagona tulo, ameneyo musiyeni, mwina anadzuka 4 koloko kukatunga madzi asanabwere.

Chomwe ndikupempheni kwambiri ndi ichi, makopewo musatolere ndipo musachonge. Muwauziretu zimenezi asanayambe kulemba. Mwana akadziwa kuti madamu awerenga, amalembera madamu. Pomaliza khalani bwalo, amene akufuna kunena kanthu anene, amene sakufuna asakakamizidwe, ndipo pasakhale wojambula vidiyo pa nthawi imeneyi. Koma khalani okonzeka, chifukwa mukapatsa ana mpata wotere zina zimatuluka zolemera, za fizi, za bambo owapeza, za mimba, za maliro omwe sanalire bwino. Wina akhoza kukutsatirani pa minibasi pobwerera kuti madamu ndimafuna ndikuuzeni zinazake. Mudziwiretu kuti nkhani yotere mukaipititsa kwa ndani, kaya ndi mphunzitsi wa uphungu, mother group kapena a zachitetezo cha ana, musatsegule chitseko chomwe simungathe kuima pakhomo pake.

Zikatha zimenezo abwezereni mafoni ajambulane mmene angafunire, pa damu la Mulunguzi, pa mathithi a Williams, agule mabulosi kwa anyamata a m'mbali mwa msewu, aike pa sitetasi. Palibe cholakwika ndi selefi, nafenso timajambula. Ine chomwe ndimakana ndi choti ulendo wonse ukhale selefi.

Za ahedi, musakalimbane nawo pa mfundo, nkhawa yawo ndi yomveka: foni ikasowa kapena chithunzi cholakwika cha mwana wa sukulu chikazungulira pa WhatsApp, amene akaitanidwe ndi makolo ndi iwowo. Apititsireni pepala limodzi lolemba kuti mafoni ndi angati, a ndani, agwira ntchito yanji, asungidwa ndi ndani nthawi yanji, ndi lamulo loti palibe kujambula kapena kutumiza chithunzi cha mnzako asanavomere. Kalata ya makolo inenenso zomwezo, asayine. Ngati kalabu yanu inalembetsa ku WESM, bungwe loona za nyama zakutchire ndi chilengedwe m'Malawi muno, afunseni a nthambi ya kufupi nanu ngati angakupatseni munthu woti mupite naye, ahedi ambiri amafewa akamva kuti pali wamkulu wina wodziwa za m'phiri. Akakanabe, musalimbane nazo mpaka ulendo kulephereka, tengani foni yanu ndi ya mphunzitsi mnzanu zikhale za magulu m'mawa, ola lija la masana silifuna chilolezo cha foni ngakhale pang'ono. Ndipo ola limeneli mutha kuliyeserera kaye Lachitatu likubwerali nthawi ya makalabu, kuseri kwa sukulu pansi pa mitengo ya mango, mphindi 15 zokha, kuti pofika ku Zomba kuseka kuja akhale atamaliza kale.