Kwa achimwene ofuna kuyamba lipenga ali ndi zaka 41

Achimwene, funso lomwe mwalemba m'gulu muno ndaliwerenga kawiri chifukwa landikumbutsa kumene ndachokera. Mwati muli ndi zaka 41, lipenga munayamba kulisirira muli mwana pomwe munkathamangira kumsewu bandi ya apolisi ikamadutsa, ndipo pano mwaona latsopano lotchipa pa intaneti. Mukufunsa ngati mugule, ngati simunachedwe, komanso kuti aneba mutani nawo poti mumakhala nyumba ya lendi. Khumbo lanu n'loti tsiku lina muzidzathandiza kwaya ya kutchalitchi kwanu.

Za zakazo musade nazo nkhawa. Ine ndinayamba ndili ndi ana awiri kale, ndipo lero ndimaimba m'tchalitchi ndi pamaukwati a abale. Chofunika ndi mano akutsogolo osagwedera ndi kampata pang'ono tsiku lililonse. Kungoti ngati muli ndi BP yokwera, vuto la maso lija la glaucoma, kapena munachitidwa opaleshoni ya m'mimba posachedwa, mufunse kaye adokotala, chifukwa lipenga limafuna kukankha mpweya mwamphamvu ndithu.

Koma ndalamazo musatulutse kaye. Musanasake lipenga, sakani munthu woliimba.

Ambirife tinakula tikuona gule wa malipenga wa ku Nkhata Bay kapena mganda, kumene anyamata amaimbira m'zikho ndipo mawu amachokera pakhosi. Lipenga la mkuwa silitero. Khosi limangokhala njira ya mpweya, chomwe chimalira ndi milomo. Mumaitseka ngati mukufuna kunena "m", n'kupititsa mpweya pakati pake kuti izinjenjemera m'kati mwa mouthpiece, kachitsulo kooneka ngati kakapu komwe kamakhala pakamwa kaja. Paipi yonseyo, yomwe mutaiwongola ingatalike pafupifupi mita imodzi ndi theka, ntchito yake ndi kusandutsa kunjenjemerako kukhala mawu okoma. Ndiye nkhani yonse yagona pa kaikidwe ka milomo, ndipo milomo yanuyo simungaiyang'anire bwino nokha. Vidiyo ya pa YouTube imakuonetsani pakamwa pa munthu wina, koma singakuuzeni kuti inuyo mwapotoza.

Ine miyezi isanu yoyamba ndinaphunzira ndekha. Ndikafuna noti yokwera ndinkakanikiza chitsulo pamilomo ndi mphamvu za mkono, notiyo n'kutuluka, ine n'kumati zikuyenda. Pakangotha mphindi 10 milomo inkatupa, mawu onse n'kusanduka mpweya wokhawokha. Tsiku lina ndinakumana ndi bambo wina wachikulire amene anapuma pantchito atagwira zaka zambiri m'bandi ya asilikali. Nditawaimbira mzere umodzi wa nyimbo, zala zanga sanaziyang'ane n'komwe. Anandiuza kuti nditsitse lipenga, n'kuloza kabwalo kofiira pamlomo wanga wapamwamba, kolowa m'kati ngati wina wadindapo chitsekerero cha botolo. Kenako anagwira chala changa chaching'ono cha kumanja, n'kuchichotsa m'kambedza komwe ndinkakokera lipenga, n'kuchigoneka pamwamba pake, nati ndiimbenso. Noti yokwera ija inakanika. Anandiuza mofatsa kuti pamenepo ndi pomwe milomo yanga yafika, zinazo unali mkono. Zinanditengera pafupifupi chaka kusiya chizolowezi chomwe munthu wodziwa akanandiletsa sabata yoyamba.

Anthu otere alipo, kungofunsa. Mpingo wa Salvation Army umadziwika ndi mabandi a malipenga kuyambira kale, ndiye yambani kufunsa kumeneko ngati uli pafupi nanu. Aliponso apolisi ndi asilikali opuma, ndi anyamata oimba m'mabandi a maukwati. Simukufunika sukulu ya chaka chonse ayi. Mukumane nawo kanayi kapena kasanu mwezi woyamba, kenako kamodzi pamwezi kuti azikuonani, ndipo mugwirizane kangachepe koti muziwathokoza nako. Munthu yemweyo ndi amene mupite naye kokagula.

Tsopano lipenga lotchipa lija. Ine ndikuti lisiyeni. Mnzanga wina anagula lotero, lonyezimira bwino, lopanda dzina lodziwika. Patangotha miyezi yowerengeka valavu yachiwiri (mavalavu ndi mabatani atatu odina ndi zala aja) inayamba kukakamira pansi pakati pa nyimbo, ndipo kuthira mafuta sikunathandize chifukwa vuto linali kapangidwe kake. Munthu woyamba kumene sadziwa ngati cholakwika ndi iye kapena chida, ndiye amangotaya mtima. Bola lakale la kampani yodziwika monga Yamaha, Jupiter kapena Bach, ngakhale litachoka polishi. Yamaha YTR-2330 ndi Bach TR300 anapangira ophunzira ndipo amapirira. Ngati muli ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku UK, kumeneko malipenga ogwiritsidwapo kale ntchito savuta kupeza chifukwa ana ambiri amayamba kusukulu n'kusiya. Onetsetsani kuti ndi la B flat, lomwe ndi lija lodziwika kulikonse. Mukapeza cornet m'malo mwake musakane. Ndi yaifupi m'manja, mawu ake ndi ofewerapo, koma kagwiridwe ka zala n'kamodzimodzi ndipo nayonso ndi ya B flat.

Mukaligwira m'manja lakalelo, dinani mavalavu onse atatu kangapo, aliyense azitsika ndi kubwerera yekha mosakhuluza. Kokani timapaipi tonse tosololoka muone ngati tikuyenda. Kenako kokani pang'ono kapaipi ka valavu imodzi musanaidine, ndiyeno muidine. Mukamva kakuti "phu", ndiye kuti sikutaya mpweya. Yang'ananinso paipi yoyamba ija, yomwe mouthpiece imalowamo. Mukaona timadontho tofiirira ngati ziwengo, mkuwa ukudyeka kuchokera m'kati, ndipo posachedwa padzabooka. Kuphwanyika pang'ono kukamwa kwakukulu kwa lipenga si nkhani, koma paipi yoyambayo kapena nyumba za mavalavu zikakhala zobanthuka, bwezani. Mouthpiece yoyambira ndi 7C, ndipo malipenga ambiri a ophunzira amabwera ndi imeneyi kapena yofanana nayo. Khalani nayo chaka chathunthu. Mudzamva anthu akunena kuti ina yake imathandiza kukwera, musawatsatire pakadali pano.

Kaphunziridwe kake ndi kumene akuluakulu ambiri timagwera. Timafuna kulipira ngongole ya sabata yonse Loweruka, maola atatu osapuma. Milomo ndi minofu yaing'ono kwambiri, ndipo ikatopa imayamba kuphunzira zolakwika. Mphindi 15 mpaka 20 tsiku lililonse zimaposa maola atatu aja kutalitali. M'mphindi zimenezonso muzipuma nthawi yofanana ndi yomwe mwaimba. Yambani ndi noti imodzi yaitali, G kapena C wapansi, osadina valavu iliyonse. Kokani mpweya wodzaza mapewa asakwere, masaya asafufume, muiyambe ndi lilime ngati mukunena "tu", n'kuigwira mosagwedera mpaka mpweya utatsala pang'ono. Kulemera kwa lipenga kukhale kudzanja lamanzere, lamanja lingokhala la mavalavu. Masiku oyamba mutha kumva chizungulire, khalani pansi chidutse.

Mavalavu atatu asakuopseni. Yoyamba imatsitsa mawu ndi toni imodzi (ngati kuchoka pa re kupita pa do), yachiwiri ndi theka, yachitatu ndi toni imodzi ndi theka. Sikelo yoyamba imayenda chonchi: C osadina, D yoyamba ndi yachitatu, E yoyamba ndi yachiwiri, F yoyamba, G osadina, A yoyamba ndi yachiwiri, B yachiwiri, C osadinanso. Mwaona kuti osadina kalikonse mukupeza manoti atatu osiyana? Amawasiyanitsa ndi milomo ndi liwiro la mpweya. Kusamuka kuchoka pa C kupita pa G n'kubwerera popanda lilime, pang'onopang'ono, ndi masewera omwe amamanga milomo kuposa china chilichonse, ndipo ine mpaka lero ndimayamba ndi amenewa. D wapansi uja amakhala wokwera pang'ono pa malipenga onse, n'chifukwa chake kapaipi ka valavu yachitatu kali ndi mphete yoti muzikankha ndi chala.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimasokoneza aliyense tsiku loyamba kuimba ndi kiyibodi, ndipo poti cholinga chanu ndi kwaya, muchidziwiretu. Lipenga la B flat likaimba noti yomwe ife timaitcha C, chomwe chimamveka ndi B flat wa pa kiyibodi. Ndiye inu muyenera kukhala toni imodzi pamwamba pa kiyi yomwe akuuzani. Akati nyimbo ili mu F, inu muli mu G. Akati C, inu D. Akati G, inu A. Akati E flat, inu F. Makwaya athu ambiri amaphunzira ndi do re mi, ndipo zimenezi zikuthandizani ngati munaimbapo kwaya, chifukwa mukangodziwa pomwe do wanu ali, nyimbo yonse mutha kuilondola ndi khutu. Koma mufunsitsenso woimba kiyibodi ngati sanadine batani la transpose. Ambiri amaimba nyimbo zonse ndi zala za kiyi imodzi n'kumangosuntha ndi batanilo, ndiye akakuuzani kuti "tili mu C" akunena za zala zawo, pomwe m'masipika mukutuluka zina. Pemphani angokugundirani do, inu mumupeze pa lipenga. Ikani pafoni kapulogalamu ka tuner, koonetsa ngati noti yakwera kapena yatsika, muzichuna C wanu wapakati ndi paipi yaikulu yosololoka ija. Dziwaninso kuti lipenga likazizira limatsika, likatentha limakwera, kotero m'mawa wa mu June muziliuzira mpweya kaye musanachune, ndipo masana a mu October muzichunanso pakati pa mapemphero.

Za aneba, choyamba ndi kukawauza nokha musanayambe. Mugwirizane nthawi, mwina mukangoweruka dzuwa lisanalowe, ndipo muzisunga nthawiyo. Anthu amapirira mphindi 20 zomwe akuzidziwa kusiyana ndi phokoso lowadzidzimutsa mwana atagona. Ine ndinkatsegula wadiropu n'kuloza lipenga pakati pa majekete, zovala zimameza phokoso lambiri. Pali chotsekera kukamwa kwa lipenga chotchedwa practice mute, ndipo Yamaha ali ndi chawo cha Silent Brass chomwe mumadzimvera m'mahedifoni. Zimathandiza usiku, koma zisakhale za tsiku ndi tsiku chifukwa zimabweza mpweya ndipo mumazolowera kukankha mopyola. Kamodzi kapena kawiri pasabata pitani ku bwalo la mpira kapena mupemphe kiyi wa tchalitchi, muliimbe momasuka kuti mudziwe mawu anu enieni.

Kasamalidwe sikovuta koma musadule njira. Mavalavu amafuna mafuta awoawo opyapyala, madontho awiri kapena atatu pakapita masiku angapo. Mafuta ophikira amamata n'kuuma, a injini ndi okhuthala, onsewa musayese. Pogula lipenga mugulirenso mabotolo awiri a mafutawo chifukwa sapezeka paliponse. Mavalavu ali ndi manambala 1, 2 ndi 3, iliyonse ibwerere m'nyumba yake ndipo muizungulize mpaka imveke kuti yakhazikika, apo ayi mpweya sudutsa n'komwe ndipo mudzaganiza kuti mwaliwononga. Chukuchani m'kamwa musanaimbe. Thobwa, Sobo kapena tiyi wa shuga akalowa m'paipi amasiya litsiro lomwe limadya mkuwa. Madzi omwe amalira "khororo" m'kati ambiri ndi nthunzi ya mpweya wanu, ingotsegulani kakiyi ka madzi n'kuuzira. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu lisambitseni m'beseni ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wotsukira mbale, osati otentha, chifukwa amasupula polishi. Mouthpiece muziingolowetsa n'kupotoza pang'ono, osaimenya ndi chikhatho. Ikakanirira musaikoke ndi pulayala, mudzapinda paipi kapena kumatula polumikizira. Pali kachida kake kochotsera ndipo oimba akale ambiri amakhala nako. Nyengo yozizira milomo ikamang'aluka, dzolani Vaseline mukamaliza kuimba kapena pogona.

Anthu adzakuuzani za buku la Arban. Analilemba ndi Jean-Baptiste Arban wa ku France, linatuluka mu 1864, ndipo oimba malipenga padziko lonse akuligwiritsabe ntchito. Limapezeka laulere pa intaneti, koma ndi lalikulu ndipo limathamanga, ndiye chaka choyamba masamba oyambirira okha akukwanirani. Buku lanu lenileni likhale la nyimbo za kutchalitchi. Nyimbo zambiri za m'menemo zimayenda pang'onopang'ono, sizikwera kwambiri, ndipo mukuzidziwa kale pamtima, choncho mukalakwitsa khutu lidzakuuzani lokha. Muzimveranso oimba abwino kuti mawu omwe mukufuna akhale m'mutu. Hugh Masekela wa ku South Africa, yemwe analandira lipenga lake loyamba kwa wansembe Trevor Huddleston ali ndi zaka 14, ndi poyambira pabwino chifukwa kaimbidwe kake kali pafupi ndi makutu athu. Wynton Marsalis ndi Alison Balsom muwamvere pofuna kudziwa momwe noti yoyera imamvekera.

Musadikire kuti mufike poti mwadziwa kenako mupite kukwaya. Mukangotha nyimbo ziwiri bwinobwino, pemphani aphunzitsi a kwaya kuti muzikhala nawo pa pulakatisi, muziimba chapansipansi mzere wa soprano, mwina vesi lomaliza lokha. Kumeneko ndi komwe mudzaphunzire kupumira limodzi ndi anthu ndi kusunga liwiro, zomwe m'chipinda nokha simungazipeze. Ndipo mukapeza lipenga loti lakusangalatsani, jambulani mavalavu atatulutsidwa ndi paipi yoyamba ija, mutumize m'gulu muno tione limodzi musanalipire.