Simenti imatha masana, osati usiku

Achemwali, mwati muli ku Joni, mukumanga nyumba ku Area 49 ku Lilongwe, simenti ikutha msanga koma khoma silikukwera, ndiye mukufunsa ngati mulembe mlonda kapena muike kamera. Ine ndagwirapo ntchito yosunga katundu pa saiti, ndikuuzani zimene maso anga adaona.

Mlonda amathana ndi wakuba wausiku. Koma simenti yambiri imachoka dzuwa likuswa mtengo, anthu onse ali pomwepo. Mwagula matumba 20, amisiri akandira 15 okha mchenga atauchulukitsa, asanu otsalawo akwera kabaza chakumadzulo. Mukafunsa, akujambulirani matumba opanda kanthu 20, ena atawatola pa saiti ya aneba. Chithunzi chokongola pa WhatsApp, inu mtima m'malo. Zoona zake mudzazidziwa pulasitala akadzayamba kuyoyoka ngati ufa mukamukanda ndi chala.

Ndiye chiyambi ndi kope, osati kamera. Wosunga kiyi wa sitolo yosungiramo katundu pa saiti asakhale mmisiri, asakhalenso m'bale wake wa mmisiri. Thumba lililonse likafika lilembedwe nambala ndi penti, likatha aling'ambe ndi kulisunga. Tsiku loyamba munthu wanu aime pomwepo awerenge kuti thumba limodzi la makilogalamu 50 lamanga mabuloko angati, kenako nambala imeneyo ikhale muyeso wa masiku onse. Akatulutsa matumba anayi m'mawa, madzulo khoma lionetse ntchito ya matumba anayi. Apa ndi pamene ambiri amagwidwira.

Chinanso, musamagule zonse nthawi imodzi chifukwa choopa kukwera mitengo. Ndikudziwa kuti kwacha ikagwa mtima umathamanga, monga zidachitikira mu 2023, koma simenti ikakhalitsa m'chinyontho imauma yokha, ndipo mulu waukulu suonetsa kuti wachepa. Lipirani kusitolo ya hadiweya mwachindunji pa Airtel Money kapena Mpamba, azitulutsa katundu wa sabata imodzi basi. Malata ndi zitsulo za Y12, zolimbitsira konkire zija, zifike tsiku loti zikwere kapena kulowa mu konkire.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi yomalizitsa nyumba. Mawaya amagetsi amasololedwa m'mapaipi usiku umodzi wokha, akuba amawatentha kuti achotse pulasitiki n'kukagulitsa kopa kwa ogula zitsulo zakutha. Anthu amene amalimba mtima kuphwasula thiransifoma ya ESCOM sangaope nyumba yopanda zitseko. Choncho waya, masoketi, mipope ndi giza zidikire mpaka zitseko ndi mabagala ba zitalowa. Mita ya Water Board muimangire kabokosi kokhoma.

Mlonda mulembe ndithu, koma mumulipire pa tsiku lake. Saiti ina imene ndidagwirapo, mlonda adakhala miyezi itatu osalandira kanthu, mafelemu a mawindo adayamba kusowa limodzilimodzi, ndipo kunena zoona sindidadabwe. Mumupatse tochi, wezulo, mayunitsi a foni ndi kachisakasa kosadontha. Ngati chipinda chimodzi chafoleredwa, kuli bwino mulowetsemo banja lodalirika, chifukwa pakhomo pofuka utsi ndi poyanikidwa zovala wakuba amaganiza kawiri. Mukadziwitsenso amfumu a m'deralo ndi a neighbourhood watch, ndipo kandalama ka pamwezi kamene amatolera musamakazembe.

Kamera? Za sola zokhala ndi simu khadi zilipo ndipo zimathandiza kuona amene walowa ndi galimoto. Koma ikapanda munthu wothamangira pamalopo, mudzangoonera katundu wanu akunyamulidwa muli ku Johannesburg. Ndalama yake ndikadayamba ndalipira mmisiri wina wapadera, wosadziwana ndi wanuyo, kuti azibwera mosalengeza kawiri pamwezi kudzakanda khoma ndi msomali ndi kufananitsa ndi zimene zalembedwa m'kope muja.