Ku chipatala anangondipatsa panado, ndikagule makapusozi?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Lizulu, dzina sinditchula. Akuti mwana wawo wa zaka 3 wakhala ndi chimfine masiku anayi, mamina osaleka, kutsokomola usiku, thupi kutentha pang'ono. Atapita naye ku chipatala anamuyeza malungo osapezeka, adokotala anamumvetsera pachifuwa kenako anangowapatsa panado basi. Ndiye akufunsa kuti "kodi pamenepa sanangondithamangitsa? Mnzanga akuti ndikagule makapusozi a amoxicillin pa golosale, ndipange bwanji?"

Mayi, ndalama yanuyo isungeni, makapusoziwo musagule. Ndikudziwa zimawawa kulipira minibasi, kukhala pamzere mpaka masana kenako kubwerako ndi panado yemwe mukanagula pa okala yapafupi, koma malinga ndi mmene mwafotokozera adokotalawo sanalakwitse.

Vuto ndi loti pa Chichewa zonse timangoti tizilombo, pomwe tizilombo take ndi tosiyana kwambiri. Pali mabakiteriya, pali mavairasi. Bakiteriya ali ngati khoswe mu nkhokwe, ndi chamoyo chodziimira pachokha, amadya, amaswana yekha, ndipo ali ndi chikhungwa chake chomuteteza. Amoxicillin ntchito yake ndi kulepheretsa bakiteriya kumanga chikhungwa chimenecho, ndiye amaphulika nkufa. Vairasi ndi kanthu kakang'ono zedi kuposa bakiteriya, chikhungwa chamtundu umenewo kalibe, ndipo pakokha sikangaswane, kamalowa mkati mwa maselo a mphuno ndi pakhosi nkuwasandutsa fakitale yopanga tianzake. Ali ngati nankafumbwe amene wabisala mkati mwa njere ya chimanga. Ndiye mutchere msampha wa makoswe kuti ugwire anankafumbwe, zitheka? Chimfine chimabwera ndi mavairasi, ndipo gulu limodzi lokha lotchedwa rhinovirus lili ndi mitundu yoposa 100, nchifukwa chake mwana amachira lero mwezi wamawa chamugwiranso, si kuti mankhwala anachepa mphamvu ayi, wakumana ndi mtundu wina.

Amene akumenya nkhondoyo ndi chitetezo cha mthupi mwa mwana wanu. Kutentha thupi kuja, mamina aja, ndi asilikali a mthupi ali pa ntchito, ndipo akathana naye vairasiyo amamusunga nkhope kuti akadzabweranso asadzachedwe naye. Zimatenga masiku 7 mpaka 10, chifuwa chokha chimatha kutsalira masabata awiri kapena atatu. Apa ndi pamene anzathu ambiri amapusitsika, amamwetsa kapusozi tsiku lachisanu, mwana nkuchira tsiku lachisanu ndi chiwiri, basi kapusozi watchuka mudzi wonse pomwe mwanayo akanachira ndithu.

Mwina muti nanga kungomwetsa kuli ndi vuto lanji. Lilipo. Mmatumbo mwa mwana muli mabakiteriya abwino ambirimbiri othandiza kugaya chakudya komanso kutchinga oipa, kapusozi sasankha, amapha ndi abwino omwe, mwana nkuyamba kutsegula mmimba. Choopsa kwambiri nchakuti mabakiteriya amene apulumuka ndi aja olimba, amaswana, ndiye tsiku lomwe mwana adzadwale chibayo chenicheni amoxicillin uja mwina sadzagwiranso. Izitu si zachilendo. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin, mankhwala opha mabakiteriya a gulu limodzi ndi amoxicillin, mu 1928 ku London kuchokera ku nkhungu, ndikunena chuku chija chimamera pa buledi osati nkhungu yathu ya pa phiri la Dedza, anachenjeza yekha mu 1945 kuti kumwa mankhwalawa mopereweza kudzalimbitsa tizilombo. Ndiye taganizani za ife ogula makapusozi anayi chifukwa ndalama yathera pompo.

Chimene ndikufuna muyang'anitsitse ndi kapumidwe ka mwana, chifukwa chimfine nthawi zina chimatsegulira njira chibayo ndipo pamenepo ndi pomwe amoxicillin amafunikadi, woperekedwa ndi achipatala, womaliza onse. Mwana akakhala phee osalira, mvuleni malaya, tengani foni muwerenge kuti akupuma kangati pa mphindi imodzi. Wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akafika ka 40 kapena kuposa ndiye kuti akupuma mothamanga, wa miyezi 2 mpaka 11 malire ake ndi ka 50. Mukaona pansi pa nthiti pakulowa mkati akamakoka mpweya, akukana kumwa, akusanza chilichonse, akukomoka kapena wangolefuka osadzuka bwinobwino, musadikire kuche, thamangani naye. Chimodzimodzi thupi likapitiriza kutentha masiku awiri atatu ena, bwererani akamuonenso.

Onaninso kabuku kake ka ku sikelo. Kuno ku Malawi katemera wa PCV woteteza ku bakiteriya woyambitsa chibayo anayamba kuperekedwa mu 2011, wa rota woteteza kutsegula mmimba mu 2012, ngati pali pena podumpha afunseni alangizi a zaumoyo a kwanuko.

Za kuzizira, agogo athu amati mphepo ya June ndi imene imadwalitsa. Mphepo payokha sibala vairasi, koma kuno kwathu kukazizira timaunjikana nyumba imodzi, mawindo otseka, mu minibasi ya ku Dedza munthu akangotsegula windo anthu onse amamukalipira, ndiye mmodzi akayetsemula tonse talandira. Utsi wa mbaula ndi nkhuni mnyumba yotseka umawonjezeranso chifuwa, mwanayo muzimutalikitsa nawo. Mpatseni madzi ndi phala pafupipafupi ngakhale akudya pang'ono, panado pa mlingo womwe anakuuzani thupi likatentha, aspirin ayi. Poti wapitirira chaka chimodzi, kasupuni ka uchi asanagone kamafewetsa chifuwa cha usiku. Mundilemberenso Lachisanu mundiuze mmene wagonera.