Kutsetsereka pa chipale: n'chifukwa chiyani ndimangogwa chagada?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa m'bale wathu wa ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Akuti nyengo yozizira yapitayi anapita ndi anzawo ku Afriski, malo otsetserekera pa chipale m'mapiri a ku Lesotho, n'kukayesa ma ski, matabwa awiri aatali omangirira ku jombo potsetsereka, masiku awiri. Kuima amatha, koma liwiro likangokula amagwa chagada, kukhotera kumanzere kumawakanika, ndipo ntchafu zimaotcha ngati akuziwamba. Akufunsa kuti akonze chiyani, komanso kuti akabwera kumudzi pa tchuthi, kuno kopanda chipale, angadzikonzekeretse bwanji.

Achimwene, mavuto atatuwo gwero lake ndi limodzi: mukukhalira zidendene. Munthu akaona mtsetse, mantha amamubweza m'mbuyo ngati mbuzi yokana chingwe. Thupi likapita kumbuyo, nsonga za ma ski zimapepuka, zitsulo za m'mphepete mwake sizigwira chipale, ndiye ski imangopita komwe ikufuna. Pamenepo ntchafu ndi zimene zikusenza thupi lonse, n'chifukwa chake zikuotcha.

Yambani pamalo athyathyathya. Miyendo italikirane molingana ndi chiuno, pindani akakolo ndi mawondo pang'ono mpaka misongolo ikanikize lilime la jombo. Mukamva jombo ikukhudza katumba, dziwani kuti mwabwerera kale. Manja akhale kutsogolo ngati mwagwira mahandulo a njinga, maso ayang'ane komwe mukupita, osati pa nsonga za ma ski.

Nthawi zina wolakwa ndi jombo. Yoyenera ndi imene zala zimakhudza kutsogolo mukaima chilili, n'kubwerera pang'ono mukapinda mawondo, chidendene osatukuka. Ambiri amabwereka yaikulu n'kuvala masokosi awiri poopa kuzizira. Musatero. Sokosi imodzi yopyapyala yofika m'bondo ndi yokwanira, ndipo buluku lisalowe m'jombo. Ski ya wophunzira, ikaimikidwa, ifike pakati pa chibwano ndi mphuno. Obwereketsa akakufunsani kulemera, kutalika ndi luso lanu, nenani zoona, chifukwa ndi zimene amayendera potchera chomangira jombo kuti chimasuke mukagwa. Mukadzitama kuti ndinu katswiri, adzachilimbitsa, ndipo chomasuka lidzakhala bondo lanu.

Tsopano zokhota, pamene ambiri amasokonekera. Mwaphunzira kale kuima kuja aphunzitsi amati pulawo, nsonga moyandikana mpata wa chibakera, kumbuyo kotambasula. Kuti mukhotere kumanzere, kulemera kupite pa phazi lamanja, lakunja. Zimamveka zotembenuka, koma aliyense amene watsikapo ndi njinga m'mitsetse ya ku Tsangano amazidziwa: pa kona, pedulo yakunja ndi imene imakhala pansi, ndipo ndi imene mumaiponda. Inu mukuweramira mkati mwa kona, kufuna kuyandikira phiri, ndiye ski yakumanja ikutsala yopanda katundu. Pondani m'mphepete mwa mkati mwa phazi lamanja, cha ku chala chachikulu, ndipo dikirani. Ski imakhota yokha, koma imafuna kamphindi. Osaikakamiza ndi mapewa. Onani mayi wosenza ndowa yamadzi akutsika m'kanjira kokhotakhota: kuyambira m'chiuno kupita kumtunda kuli zii, ntchito yonse ili m'miyendo.

Siyani kaye ndodo ziwiri zimene otsetsereka amagwira m'manja. Tsikani mtsetse wa ophunzira, ndipo pa kona iliyonse gwirani bondo lakunja ndi manja onse awiri. Chitani maulendo 10. Kenako, chakumapeto kwa kona, tukulani pang'ono kumbuyo kwa ski yamkati, nsonga ili pansi. Ikakana kutukuka, ndiye kuti mudakaikhalira. Ikayamba kupepuka, ibweretseni igone mofanana ndi inzake, ndipo ulendo uliwonse muziibweretsa msanga kuposa poyamba. Pulawo imatha choncho, pang'onopang'ono.

Za liwiro: musalimbane nalo potambasula pulawo kwambiri, mungotopa. Malizani kona iliyonse mpaka ma ski apingase phiri, ngakhale kuloza kumtunda pang'ono. Ophunzira ambiri amadula kona pakati n'kuyamba ina, liwiro n'kumangounjikana. Mphunzitsi wabwino amatsogola n'kujambula makona aakulu ozungulira kuti wophunzira aponde m'mapazi mwake, ndipo amakonza chinthu chimodzi pa ulendo umodzi. Wokuuzani zinthu zisanu nthawi imodzi, musiyane naye.

Kugwa mudzagwabe. Gwerani cham'mbali, ndipo musayese kudzuka mudakatsetsereka, chifukwa mitsempha ya m'bondo imaduka choncho. Mukaima, ikani ma ski kumunsi kwanu mopingasa mtsetse, kenako dzukani. Kumbukiraninso lamulo la pamtsetse: amene ali kutsogolo kwanu ndiye mwini njira, wozemba ndinu.

Kumudzi kuno, ngakhale Juni wa ku Angónia amaluma, chipale sichigwa. Koma miyendo mungaikonze, kuyambira masabata 6 ulendo usanafike, katatu pa sabata. Tsamirani khoma ngati mwakhala pa mpando wosaoneka masekondi 30, kanayi, n'kumawonjezera mpaka mphindi imodzi. Imani ndi mwendo umodzi bondo lili lopinda masekondi 30, makamaka wamanja wakukanikaniwo. Jambulani mzere pabwalo, muzidumpha uku ndi uku ka 20, kutera ndi phazi limodzi mosagunda. Njinga pa zitunda ndi yabwinonso pa mpweya, ndipo mpweyawo mudzaufuna: Afriski ili pamwamba pa mamita 3,000, pomwe Ulónguè ili cha m'ma 1,300. Tsiku loyamba imwani madzi ambiri, mowa dikirani nawo, ndipo valani magalasi ndi kudzola mafuta oteteza khungu, chifukwa chipale chimabweza dzuwa kumaso. Nyengo yake ndi Juni mpaka Ogasiti, ndipo gawo lalikulu la chipalecho ndi lopangidwa ndi makina, choncho m'mawa kwambiri chimakhala cholimba ndi choterera. Kuyesa kona yakumanzere ija, dikirani dzuwa likwere chifewe.