Za mbalame ya mchira wa mphanda yomwe imatsatira maboti ku Cape Town

Achimwene, mwafunsa za kambalame kamene kamatsatira boti lanu mukapita kukapha nsomba kutali ndi gombe la Cape Town, kaja ka mchira wa mphanda. Mwati pulogalamu ya pa foni yakuuzani kuti ndi Sabine's gull, ndipo mukufuna kudziwa ngati ndi zoona kuti mtundu wake ukutha.

Pa mndandanda wa bungwe la IUCN, lomwe limayeza kuti nyama ndi zomera zili pangozi yotani, mbalameyi ili m'gulu la Least Concern, gulu la zomwe sizili pafupi kutha. Amene akukuuzani kuti yatsala pang'ono kutha akukokomeza. Komabe ine sindingakuuzeni kuti basi, nkhani yathera pomwepo, chifukwa moyo wa mbalameyi wakhazikika pa malo awiri otalikirana kwambiri, ndipo malo onse awiriwo akusintha tikuona.

Choyamba tsimikizani kuti ndi yomweyo. Thupi lake ndi ngati la nkhunda. Ikatambasula mapiko mumaona mbali zitatu zooneka bwino: nsonga yakuda, pakati poyera, ndi msana wotuwa. Yaikulu imakhala ndi mlomo wakuda wokhala ndi nsonga yachikasu. Mutu wake umada pa nthawi yoswana, koma miyezi yomwe ili kuno kumwera mutu umakhala woyera ndi timadontho takuda kunkhongo. Ena amaisokoneza ndi grey-headed gull yomwe timaiona pa nyanja ya Malawi, koma ija ndi yokulirapo, miyendo ndi mlomo ndi zofiira, ndipo imakonda m'mphepete. Sabine's gull ndi ya pakatikati pa nyanja, ndiye chifukwa chake inu a m'maboti mumaiona pomwe anthu a kumtunda sanaionepo.

Kwawo kwenikweni ndi ku tundra, dera la ku Arctic, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, komwe kulibe mitengo ndipo nthaka ya pansi imakhala youndana chaka chonse: Alaska, kumpoto kwa Canada, Greenland ndi Siberia. Imaikira mazira awiri kapena atatu pansi, m'madambo a pafupi ndi timaiwe, nthawi zambiri pakati pa mbalame za mtundu wa Arctic tern zomwe zimathandiza kuthamangitsa adani. Dzina lake linachokera kwa Edward Sabine, yemwe anaipeza kumadzulo kwa Greenland mu 1818.

Ulendo wake ndi umene umandichititsa chidwi kwambiri. Akatswiri anamangirira tizipangizo ting'onoting'ono ku miyendo ya mbalame za ku Greenland, ndipo anapeza kuti zimauluka makilomita pafupifupi 32,000 pa chaka. Zikachoka kwawo zimayamba zaima kaye ku Bay of Biscay, pafupi ndi France ndi Spain, kenako n'kutsika mpaka kufika m'madzi ozizira a Benguela, kunja kwa Namibia ndi South Africa. Pobwerera zimaima kunja kwa gombe la kumadzulo kwa Africa. Zina, makamaka za ku Alaska, zimalowera ku Peru. Pa kachilumba kena ka kumpoto kwa Canada anapeza kuti yaimuna ndi yaikazi za chisa chimodzi zinasiyana njira, ina kupita ku Peru ina kubwera kuno kumwera kwa Africa, chaka chotsatira n'kudzakumananso pamalo omwewo. Ndiye kambalame komwe kakutola zotsala kumbuyo kwa boti lanu mu Januwale, mu Juni kamakhala kakufungatira mazira pafupi ndi madzi oundana.

Tibwerere ku funso lanu. Kuti mbalame ilowe m'gulu la Vulnerable, gulu la zomwe zayamba kukhala pangozi yakutha, njira imodzi ndi yakuti pakhale umboni woti chiwerengero chake chatsika ndi 30 pa 100 iliyonse m'zaka khumi kapena m'mibadwo itatu. Njira zina ndi zakuti ikhale yochepa kwambiri kapena ipezeke pa malo ang'onoang'ono okha. Sabine's gull imaswana m'dera lalikulu lozungulira Arctic yonse ndipo ilipo yambiri, choncho siikwana m'milingo imeneyi. Koma kuiwerenga n'kovuta. Zisa zake zamwazikana m'madambo omwe anthu amafikako mwa apo ndi apo, ndipo miyezi yotsalayo imakhala pakati pa nyanja. Mbalame yotere ikayamba kuchepa, anthu amachedwa kuzindikira. Mbale wake wina, black-legged kittiwake, anthu ankamuona ngati wosatha chifukwa cha kuchuluka kwake, koma mu 2017 anamulowetsa m'gulu la Vulnerable ataona kuti watsika kwambiri.

Kumpoto kuja, Arctic ikutentha mofulumira kuposa dziko lonse, pafupifupi kanayi kuyambira mu 1979. Kutentha kukamasintha, nthawi yomwe chipale chimasungunuka imasintha, nayonso nthawi yomwe tizilombo timene ana ake amadya timatuluka. Palinso nkhani ya nkhandwe za ku Arctic. Chaka chomwe mbewa za lemming zachuluka, nkhandwe zimakhuta mbewazo n'kusiya mazira a mbalame. Mbewa zikasowa, nkhandwe zimatembenukira ku zisa za pansi, ndipo chaka choterocho ana ambiri saswedwa n'komwe.

Kuno kumwera inu nomwe ndinu mboni kuposa ine. Nsomba za sardine zinachepa koopsa ku Namibia kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 chifukwa chozipha mopyola muyeso, ndipo ku South Africa nakonso zasowa m'madera ena omwe zinkapezeka. Mbalame zodalira nsombazi zaonetsa kale zotsatira zake: Cape gannet ndi Cape cormorant zili m'gulu la Endangered, la zomwe zili pangozi yaikulu, ndipo African penguin inalowa m'gulu la Critically Endangered, la zomwe zatsala pang'ono kutheratu, mu 2024. Sabine's gull ili ndi mwayi woti simasankha zakudya, imatola tinsomba, tizilombo ta m'madzi ndi zotsala za maboti, komabe imadya m'madzi omwewo. Madzi amene akulephera kudyetsa penguin sitingawadalire kuti adzadyetsa mlendo ameneyu mpaka kalekale. Apa ndi pomwe nkhawa yanga ili.

Mwafunsanso ngati pali chomwe inu mungachite. Chilipo, ndipo si chaching'ono, chifukwa anthu ofika kumene inu mumafika ndi ochepa. Mukaiona, lembani tsiku, malo ndi kuchuluka kwake pa eBird kapena pa BirdLasser, mapulogalamu a pa foni olembapo mbalame zomwe mwaona, ndipo ngati mwajambula chithunzi chiikeniponso. Zolemba zotere ndi zomwe akatswiri amagwiritsa ntchito poona ngati mbalame ikuchepa kapena ikusamuka. Zingwe zakutha, zidutswa za ukonde ndi mafuta a injini musataye m'madzi. Ndipo ngati boti lanu ndi lokoka makoka, onetsetsani kuti zingwe zoopsezera mbalame zikuikidwa nthawi zonse. Zingwe zimenezi, zomwe bungwe loteteza mbalame la BirdLife South Africa linalimbikitsa m'maboti opha nsomba za hake, zinachepetsa kwambiri imfa za mbalame zikuluzikulu za m'nyanja zotchedwa albatross. Muyambe kuiyang'anira cha mu Okutobala, ndipo muzidzaionabe mpaka cha mu Epulo isanayambe ulendo wobwerera kumpoto.