Mandimu ndi BP ya amayi anu: yankho kwa achemwali a ku Luchenza

Achemwali ena a ku Luchenza anditumizira imelo. Amayi awo ali ndi BP, ndipo pagulu lina la WhatsApp pafika uthenga woti madzi a mandimu owiritsa ndi makoko omwe amatsuka mitsempha, munthu n'kusiya mapiritsi. Akufunsa ngati n'zoona.

Achemwali, funso lanu landikhudza, chifukwa nkhani imeneyi inatilowera m'nyumba ife. Malume anga anathyola tiyi zaka zambiri m'maesiteti a kuno ku Thyolo, munthu wamphamvu, wosadziwa khomo la chipatala. Atawapeza ndi BP anayamba kumwa mapiritsi bwinobwino. Kenaka inafika Covid ija ya 2021, mandimu atakwera mtengo, aliyense akuwiritsa mandimu, jinja ndi adyo, ena akudzifukiza masamba a bulugamu. Malume nawo analowa m'gulumo. Mutu utasiya kuwawa anati basi ndachira, mapiritsi n'kuwaika pawindo. M'mawa wina tinawapeza pakhonde, kapu itagwa pansi, pakamwa patapotoka, dzanja lamanja likungolendewera. Lero amayenda ndi ndodo, ndipo kumanga mabatani a malaya mpaka wina awathandize. BP imatha kukwera munthu osamva kanthu m'thupi. Kusiya kwa mutu sikutanthauza kuti yatsika.

Chimandipweteka n'chakuti mandimuwo alibe mlandu. Zipatso zimenezi zili ndi mphamvu zenizeni. Mu 1747 dokotala wa sitima zankhondo za ku Britain, James Lind, anatenga amalinyero 12 odwala matenda otupitsa nkhama ndi kutaya magazi. Awiri amene ankawapatsa malalanje ndi ndimu ndiwo anachira msanga. Chinawachiza ndi vitamini C, ndipo lalanje limodzi lalikulu limakwanira vitamini C wa munthu wamkulu pa tsiku.

Koma si vitamini C yekha. Choyera chija cha mkati mwa khoko la lalanje, chimene ana amasenda n'kutaya chifukwa chowawa, ndimo muli chinthu china chotchedwa hesperidin chambiri. Mankhwala otchedwa Daflon, amene madokotala amapereka pa kutupa kwa mitsempha ya m'miyendo ndi matenda a mudzi, ali ndi hesperidin yemweyu ndi chinthu china cha m'gulu lake chotchedwa diosmin. Fungo limene limatsala m'zala mukasenda nachesi ndi mafuta otchedwa limonene. M'makoko a manachesi mulinso nobiletin ndi tangeretin, zimene asayansi akuzifufuza pa matenda a shuga ndi khansa. Koma kafukufuku wambiri wa zimenezi wachitikira pa mbewa ndi m'labotale. Amene amatenga zotsatira za mbewa n'kuuza mayi wokalamba kuti ataye mapiritsi, ineyo sindimuona ngati wolakwitsa chabe. Akuseweretsa moyo wa eni ake, ndipo sitiroko ikagunda sadzabwera kudzachapa zofunda.

Ndipo poti ndi zachilengedwe sizitanthauza kuti sizingapweteke. Manyumwa, aakulu owawa aja, ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa matumbo kuphwanya mankhwala ena, ndiye mankhwalawo amachuluka m'magazi kuposa mlingo. Izi anazitulukira ku Canada mu 1989 akufufuza mankhwala a BP otchedwa felodipine. Nifedipine, amenenso ndi mankhwala a BP, ndi simvastatin, ochepetsa mafuta m'magazi, nawonso amakhudzidwa. Ngati amayi anu amakonda manyumwa, akawauze a dokotala.

Pali china chimene ndimachinena mpaka anzanga atopa nane. Kuno kwathu tiyi ndiye moyo, kuyambira ku Thyolo mpaka ku Muloza. Tikatha nsima ya nyemba kapena bonongwe, ketulo ili kale pamoto. Komatu tiyi amatsekereza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba, pamene vitamini C amalithandiza kumutenga. Amayi angati apakati amauzidwa kusikelo kuti magazi ndi ochepa? Kufinyira ndimu pandiwo kapena kudya nachesi mukatha kudya, tiyi n'kudzamwa pakapita ola kapena awiri, ndi mankhwala amene palibe amawatumiza pa WhatsApp, mwina poti sadabwitsa. Nyengo yozizira manachesi a ku Mwanza amadzaza m'misika, pa Bvumbwe milumilu, koma mwana akalira timamugulira chakumwa cha m'botolo chodzaza shuga. Magwafa amene amawolera kuseri kwa nyumba ali ndi vitamini C woposa wa malalanje, malambenso chimodzimodzi.

Nanga amayi anu atani?

Asasiye mapiritsi, ndipo azikayezetsa BP pa tsiku limene anapatsidwa. Madzi a mandimu angamwe ngati amawakonda, opanda shuga. Amathandizanso kupewa timiyala tina ta mu impso. Akamwa azichukucha m'kamwa ndi madzi wamba, poti asidi wa ndimu amadya mano. Lalanje azidya lathunthu ndi choyera chake chomwe, kusiyana n'kungofinya madzi. Ndimu pandiwo iwathandizanso kuchepetsa mchere, ndipo kuchepetsa mchereko ndiye kumatsitsadi BP. Uthenga ujanso muuyankhe pagulupo, achemwali, chifukwa si amayi anu okha amene auwerenga.