Sitima, chombo kapena chingalawa? Mafunso a ulendo wapanyanja

Mayi wina walemba kuti banja lawo lonse, ana ndi agogo omwe, linakwera chisitima chonyamula anthu okasangalala, chija Angerezi amati cruise ship, kuchokera ku Durban kukazungulira kugombe la Mozambique. Akufuna kulembera abale za ulendowo koma dzina lawasowa. "Ndinene kuti bwato, ngalawa, chombo kapena sitima?"

Mayi, nenani sitima, ndipo musakayike. Bwato ndi lopalasa ndi nkhafi. Ngalawa imakulirapo, koma mukangoti chingalawa makutu ambiri athamangira kwa Nowa ndi nyama zake. Chombo ndi mawu abwino, kungoti ndi otambalala, pakuti ndege ndi chombo, chopita kumwezi nachonso ndi chombo. Sitima tinaitenga ku mawu a Chingerezi akuti steamer, kutanthauza chombo choyendera nthunzi, monga Titanic ija inamira mu 1912, imene inkasonkhezeredwa malasha. Lero nthunziyo inatha. Icon of the Seas, sitima ya alendo imene inayamba kunyamula anthu ku Miami, ku America, mu Januwale 2024, imayendera gasi, koma dzina la sitima likuikhalabe bwino, chifukwa mawu akakhazikika pakamwa pa anthu safunsanso za injini. Poyamba lembani kuti sitima yapamadzi, kuopa kuti ena angaganize za yapamtunda, kenako sitima basi.

Nanga cruise? Mawu amodzi oti alowe pamenepo tilibe, ndipo sindikuona chifukwa chowapekera. Fotokozani ntchito yake: ndi sitima ya alendo okasangalala, hotela yoyandama, imene kawirikawiri imakubwezani padoko pomwe munakwerera. Ngati mukufuna abale amve kukula kwake, chilankhulo chathu chili ndi njira yachidule, chi- uja wokuza zinthu. Icon of the Seas ndi yaitali mamita 365, ili ndi nsanjika 20, ndipo ikadzaza imanyamula alendo 7,600 ndiponso antchito 2,350. Chimenecho ndi chisitima. Mungosamala kuti chiganizo chonse chitsate: sitima ija inafika, koma chisitima chija chinafika.

Bambo wina, mphunzitsi, akuti mwana wawo analemba kuti "tinagona m'nyanja masiku asanu", ndipo iwo anamva kuti penapake sipali bwino koma analephera kumufotokozera.

Khutu lanu silinakunamizeni, aphunzitsi. Funso limeneli ndalikonda kuposa onse, chifukwa likukhudza pa-, ku- ndi mu-, timawu titatu timene timanyamula katundu wolemera m'Chichewa. M'nyanja ndi mkati mwa madzi enieniwo, mmene mumakhala nsomba, mmene amalowa wosambira. Wogona m'nyanja timamulira. Panyanja ndi pamwamba pa madzi, pamene pamayenda sitima. Kunyanja ndi dera lonse loyandikana ndi madziwo, ndipo munthu angathe kupita kunyanja n'kubwerako osanyowa phazi. Choncho mwanayo anapita kunyanja, anagona panyanja, ndipo ngati anasambira pachilumba china, apo ndiye analowa m'nyanja.

Sitima nayo imatsata lamulo lomweli, koma pali kakhota kamodzi. Mukati "tinapita pa sitima", pa- ameneyo sakunena kuti munakhala padenga. Akunena chimene munakwera, monga timanenera kuti pa basi, pa ndege, pa njinga. Mukafuna kunena za malo odyera, zipinda zogona ndi malo osewerera ana, zonsezo zili m'sitima. Dziwe losambira lomwe lili poyera, pansanjika yomaliza, lili pamwamba pa sitima. Mwana akhoza kudya m'sitima, n'kukwera kukasambira pamwamba pa sitima, pamene banja lonse lili paulendo wa pa sitima, ndipo palibe mwini chilankhulo amene angasokonezeke. Muwerengereni chiganizo chimenechi mokweza, adzamva yekha.

Mwanayo aonjezerenso mawu amodzi. Nyanja kwa ife ndi madzi aakulu alionse, choncho potchula Indian Ocean kapena Caribbean ndi bwino kunena kuti nyanja yamchere.

Wowerenga wachitatu akufunsa ngati n'zolondola kunena kuti agogo ake, amene anapuma pantchito kalekale, anali pa tchuthi m'sitimamo.

Tchuthi ndi nthawi imene munthu wamasulidwa kuntchito kapena kusukulu, ndipo mawuwa ndi apachibale ndi chhutti wa m'Chihindi, amene tanthauzo lake ndi lomwelo. Ana ndi makolo awo anali pa tchuthi. Agogo analibe ntchito yoti aithawe, ndiye iwo anali paulendo wokasangalala. Ine ndikanasankha kunena kuti anapita kukapitidwa mphepo, chifukwa pamwamba pa sitima mawu okuluwika amenewa amasanduka enieni.

Funso lomaliza lachokera kwa mtsikana amene mng'ono wake anavutika usiku woyamba. Iye analemba kuti "anadwala nyanja", ndipo akufunsanso mawu onena za sitima ikaima padoko.

Mwanawe, "kudwala nyanja" ndi Chingerezi chovala nsalu ya Chichewa. Ife timatchula chimene thupi likumva: anachita nseru, anamva chizungulire, mafunde anamusanzitsa. Zimachitika chifukwa mkati mwa khutu mumamva kuti thupi likugwedezeka pamene maso akuona chipinda chili chilili, ndiye ubongo umasokonezeka. Sitima zamakono zili ndi zipsepse zachitsulo m'mbali, pansi pa madzi, zochepetsa kupendama, ndipo zipinda zapakati ndi zam'munsi ndizo zimagwedezeka pang'ono. Mawu akuti zipsepsewo ndabwereka kwa nsomba, ndipo akukwana ndendende.

Za kuima padoko, tili ndi mneni wake amene ndimamva chisoni kuti akusowa pakamwa pa achinyamata: kukocheza. Galimoto imaima, ndege imatera, sitima imakocheza. Pamene madzi ali osaya moti chisitima sichingafike kumtunda, chimaponya nangula patali, ndipo alendo amawoloka pa maboti aang'ono. Ndiye ukamalemba unene kuti sitima inakocheza m'mawa, mng'ono wako anatsika, nseru n'kumuleka atangoponda mchenga.